Nkhope Yopanda Maso ya Bambo Anga

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Mbewe, chimene chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la parafini wotsukira maburashi losakanikirana ndi la ubweya wa galu wonyowa, fungo limene linkalowa nawo limodzi pakhomo dzuwa likamapendeka, iwo akutsika panjinga yawo yakuda yolira tcheni, kabokosi ka penti katamangidwa kumbuyo ndi malamba a chubu, buluku lonse lili mbuu ndi ubweya wa nyama za eni. Agogo aakazi ankawachingamira ndi tsache m'manja, moni pambuyo, n'kuyamba kuwasesa miyendo pabwalo pomwepo uku akung'ung'udza kuti amuna a anzawo amabwera ndi fungo la thukuta, awo okha ndiwo amabwera akununkha khola. Agogo aamuna ankangoima chilili, manja m'mwamba, kudikira kuti kusesako kuthe.

Tinkakhala m'lokeshoni ya Mabvuku, mumzinda waukulu wa dziko lino la Ashona, m'kanyumba ka zipinda ziwiri, mumzere wa mabanja ochokera ku Nyasalande okhaokha, mzinda uno usanasinthe dzina. Ntchito ya agogo inali kujambula agalu a azungu. Musaseke, ngakhale ndikudziwa kuti mwaseka kale. Anthu a mumzere mwathu nawonso ankaseka, koma ntchito imeneyo ndi imene inkatidyetsa. Agogo anachoka ku Dedza wapansi ali mnyamata, anayamba ndi kuthirira maluwa kwa mzungu, kenako n'kupeza ntchito yolemba zikwangwani pa fakitale ina ku Msasa. Tsiku lina pa nthawi yopuma anajambula galu wa bwana wa pafakitalepo pa kachidutswa ka thabwa kotayidwa. Mkazi wa bwanayo atakaona, basi, mbiri inawanda pakati pa madona. Pamene ine ndinkabadwa n'kuti agogo atasiya kale za zikwangwani, akungozungulira ndi njinga m'mayadi a azungu, lero galu, mawa mphaka, nthawi ina mpaka hatchi.

Njira yawo inali yawoyawo, ndipo sankalola munthu kuwaphunzitsa ina. Tsiku loyamba sankatsegula n'komwe kabokosi. Ankangokhala pa kapinga pafupi ndi galuyo, kumulola awanunkhize mpaka atope. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndiye ankakhala pa kampando kawo kopinda, thabwa lili pamaondo, galu ali pansi patsogolo pawo. Chinsinsi chonse chinali pa chipewa. M'mawa uliwonse agogo aakazi ankawaotchera kachidutswa ka chiwindi, iwo n'kukabaya ndi pini pamlomo pa chipewa, pamwamba pa chipumi penipeni. Galu, kaya wolusa chotani, ankakhala phee, khosi atatukula, maso dwii m'mwamba, malovu akuchucha. Maso amenewo ndi amene agogo ankawaika pathabwa. Madona akaona ankagwira pamtima, ena mpaka misozi, amvekere galu wawo akuwayang'ana mwachikondi, chikhalirecho galuyo ankayang'ana chiwindi. Agogo akamatifotokozera zimenezi ankaseka mpaka kutsokomola.

Azungu a kuno atakangana ndi a kwawo kutsidya kwa nyanja n'kudzitengera okha dziko, katundu wakunja anasowa m'masitolo, penti wa amisiri n'kusowa nawo. Agogo sanagonje. Ankatola zitini za penti wotsala wopakira nyumba, maburashi n'kumapanga okha ndi ubweya wa kumchira kwa bulu. Chimodzi chokha ndicho ankakana kwamtuwagalu: kujambula poyang'ana chithunzi cha kamera, kapena galu amene anafa kale pongomva mwini wake akufotokoza. "Ine ndimajambula chimene chakhala pamaso panga," ankatero. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno." Ife tinkangoti ndi matama a mmisiri.

Bambo anga, a Filipo, anali mwana yekhayo wa agogo amene anakula. Atatu ena anapita akadali makanda. Ankagwira ntchito yomanga mabawuti pa fakitale ya magalimoto ku Willowvale, mabasi awiri popita, awiri pobwera. Zimene ndimakumbukira za iwo n'zochepa zochititsa manyazi: likhweru lawo akamakhota pangodya ya mzere wathu, fungo la girizi m'zikhadabo, ndi tsitsi limene ndinkaligwira akandinyamula pamapewa. Mwana wa pamapewa amadziwa paliwombo pa bambo ake, nkhope saiona. Pamene ankachoka n'kuti ndili ndi zaka zisanu.

Za sabata imene anachokayo ndinazimva kwa agogo aakazi ndili wamkulu kale. Linali Lamulungu masana, anthu atabwerako kutchalitchi, agogo aamuna ali pakhonde kumalizitsa chithunzi cha galu woyera wogona pampando wa khushoni. Bambo anaima kumbuyo kwawo nthawi yaitali, kenako n'kufunsa ngati agogo anayamba akhalapo pampando umenewo. Agogo anati mmisiri safunsa mpando, amafunsa ntchito. Mawu anayamba kukwera. Agogo anati ife ndife alendo, nkhondo ikunenedwayi ndi ya eni dziko, kwa eni kulibe mkuwe, munthu wobwera amadya atawerama n'kulera ana ake. Bambo anati iwo si mlendo, mchombo wawo unakwiriridwa kuseri kwa nyumba yomweyi. Kenako anachotsa chipewa chija pamsomali, anayang'ana banga la mafuta a chiwindi pamlomo pake, n'kuloza maso a galu pathabwapo.

"Mukudziwa chifukwa chake maso awa mumawatha, bambo? Ndi anu omwe. Mzungu mumamuyang'ana chonchi."

Agogo aakazi ankati anadikira kuti mbama ilire, koma sinalire. Agogo aamuna anangoweramira pathabwa n'kupitiriza kupaka mchira wa galu uja.

Lachinayi lake bambo anadzuka m'mawa monga mwa masiku onse, anatenga kachitini kawo ka chakudya, anandisisita pamutu, n'kutuluka. Sanabwerenso. Aliyense ankadziwa kumene anyamata otero ankapita, kuti ankawoloka malire kukalowa ku Mozambiki kukaphunzira mfuti, koma palibe amene ankatchula. Mayi anga anali Mshona. Anapirira zaka ziwiri, kenako alongo awo anabwera kudzawatenga. Ine anandisiya, poti kwawoko ng'ombe zikaperekedwa mwana ndi wa kuchimuna. Kwathu ku Dedza zikanakhala zina, koma sitinali ku Dedza.

Chithunzi cha bambo chinalipo chimodzi chokha, cha kamera, chojambulidwa tsiku la ubatizo wanga, iwo atandinyamula. Agogo aakazi ankachisunga m'buku lawo la nyimbo. Patatha masabata awiri bambo atachoka, apolisi awiri anafika masana dzuwa lili paliwombo, mzungu wamng'onowamng'ono ndi sajeni wakuda. Anafunsa kumene kunali Filipo, n'kuti tiwapatse chithunzi chake. Agogo aamuna, chipewa chili m'manja, anati mnyamatayo wapita ku Dedza kumaliro a malume ake, ndipo zithunzi ndi za anthu olemera. Apolisi anagudubuza matilesi, anakhuthula thumba la ufa pansi, koma buku la nyimbo sanaligwire chifukwa agogo aakazi analikumbatira pachifuwa ngati akupemphera. Potuluka sajeni anati abweranso, ndipo alendo osunga zigawenga amawakweza lole n'kukawataya kumalire, nyumba n'kupatsa ena.

Zimene zinatsatira ndinaziona ndi maso angawa. Galimoto ya apolisi itangokhota, agogo aamuna analanda buku lija, anasolola chithunzi, n'kulunjika pa mbaula imene inali pakhonde. Agogo aakazi anawagwira mkono, kuwakoka malaya mpaka batani linadumpha, koma chithunzi chinali chitagwera kale pamakala. Anapisa dzanja pamoto kuti achitole, n'kungopsa zala. Pepala lija linapindika, linatupa timatuza, n'kutulutsa kafungo kowawa kamene mpaka lero sindinakaiwale.

"Amake Filipo, siyani," anatero agogo aamuna. "Akachipeza, amupachika nacho pamisewu yonse. Kodi ine si wojambula? Nkhondo ikatha ndidzakujambulirani china choposa ichi."

 Agogo aakazi anakaviika zala zawo m'madzi amchere, ndipo anatha masiku atatu osaotcha chiwindi.

Nkhondo itakula, ntchito ya agogo nayonso inakula, koma kukula koipa. Azungu anayamba kulongedza katundu kuthawa. Agalu okalamba sakanatha ulendo, komanso mzungu sankafuna kusiyira munthu wakuda galu wake, amvekere akavutika. Ndiye ankaitana agogo kuti adzajambule, penti akauma n'kuitana dokotala wa ziweto ndi jakisoni wake. Nthawi zina agogo akupaka maso chonchi, wantchito wa m'maluwa anali akukumba kale dzenje kuseri kwa mpanda, khasu likumveka kuti thi, thi, galu osadziwa kanthu, akungoyang'ana chiwindi. Agogo analeka kuseka pofotokoza za madona. Ankabwera, kusesedwa, kudya, n'kukhala pakhonde osalankhula. Agogo aakazi, ndi lilime lawo lija, ankati amuna awo asanduka adzukulu a pamaliro a agalu.

Madona othawawo ankawapatsa zotsala za malemuwo: malamba a m'khosi, mbale zachitsulo, maunyolo. Dona wina anawapatsa bulangete la galu wake Sheba, lokhuthala, la ubweya weniweni, loposa lililonse limene linalowapo m'nyumba mwathu. Agogo aakazi analichapa kasanu n'kundipatsa ine. M'nyengo yozizira linkandifunditsa bwino ndithu, koma likangotenthedwa ndi thupi fungo la mwini wake linkadzuka. Kusukulu mtsikana wina ananena pagulu kuti mwana wa Mabulantaya akununkha galu, poti ndi mmene ankatitchulira ife ochokera ku Malawi. Ndinamung'ambira diresi, aphunzitsi n'kundikwapula. Ndinena mosabisa, ntchito ya agogo ndinkadana nayo, ndipo agogowo ndinkawakonda, zonsezi mumtima umodzi womwewo wa mwana.

Nkhondo inatha ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Patapita miyezi anyamata anayamba kubwerako, ena ndi nsapato zankhondo, ena opanda mwendo, ndipo amayi a m'malokeshoni onse ankakhamukira ku Musika, msika waukulu wa ku Mbare kumene mabasi onse amafikira. Agogo aakazi ankakwera basi yoyamba m'mawa, n'kumakaima pakhomo la basi iliyonse yofika, kufunsa m'Chishona chawo chopindikacho ngati alipo anaonako Filipo Mbewe. Tsiku lina mnyamata wina anawakhazika pa thumba la mbatata n'kuwafotokozera mwaulemu kuti kutchire kunalibe munthu woyenda ndi dzina la kwawo. Aliyense anatenga dzina la nkhondo, ndipo ngakhale amene unkabisala naye dzenje limodzi sunkadziwa dzina lake la ubatizo. Anati abwere ndi chithunzi. Amayi ena anali nazo. Anyamata ankazipatsirana m'manja, wina n'kuti uyu ndinamusiya ku kampu yakuti ali moyo, wina n'kuti uyu tinamuika pansi pa mtengo, tsidya la mtsinje wakuti. Ngakhale olandira uthenga woipawo ankabwerera ndi kanthu, ankadziwa kokalirira. Ife tinalibe ngakhale zimenezo.

Tsiku limenelo agogo aakazi anafika pakhomo, osavula nsapato, osamasula duku, n'kukaima kutsogolo kwa amuna awo.

"Bambo ake a Filipo, nkhondo yatha. Ndipatseni chithunzi munalonjeza chija."

Agogo aamuna anatulutsa thabwa labwino koposa limene ankasunga kuseri kwa kabati, n'kukakhala nalo pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba. Sabata yathunthu. Ndikaweruka kusukulu ndinkawapeza pomwepo, maso atatsinzina, burashi ili m'malere ikuyenda yokha ngati ikufufuza chinthu mumdima. Lero inkatuluka nkhope ya mchimwene wawo wa ku Dedza, mawa ya mkulu wina wa kutchalitchi. Chibwano chikakhala, mphuno inkathawa. Ankafufuta ndi kansanza ka parafini, kuyambanso, kufufutanso. Abale, munthu woti ankadziwa pamene ndevu iliyonse ya mphaka imamera! Tsiku lachisanu ndi chitatu anaitana agogo aakazi n'kuwauza ndi mawu otsika kuti mwanayo sakubwera, dzanja lawo silidziwa kujambula chimene palibe.

Agogo aakazi sanalire. Ananditembenukira ine, n'kundiyang'ana ngati akundiona koyamba. Anati nanga si uyu Rute ali apayu, chipumi ndi cha Filipo, mpata wa mano ndi wa Filipo, ngakhale makutu otambalalawa. Anatenga sizasi n'kundidula mangongo onse amene anandiluka dzulo lake, anandimeta ngati mnyamata, n'kundiveka malaya a bambo a kuntchito amene anali m'sutikesi zaka zonsezo. Manja ake ankandifika m'maondo. Ankanunkhabe girizi pang'ono, kapena ndi ine ndinkafuna kuti anunkhe, kaya.

M'mawa mwake agogo anatambasula kampando kawo kopinda n'kukhalapo, thabwa pamaondo, chipewa kumutu monga mwa chizolowezi. Ine anandiyalira thumba pansi patsogolo pawo. Palibe mmodzi wa ife atatu amene anaganizapo kanthu. Umo ndi mmene agogo ankagwirira ntchito zaka makumi atatu, ndipo njira ina sankaidziwa. Chiwindi panalibe, koma maso anga akasochera ankagogoda ndi chala pamlomo pa chipewa paja, pa banga lija, n'kuti yang'ana apa. Ndinkayang'ana. Agogo aakazi anali atandiuza kuti chithunzichi chikatha bambo apezeka, ndiye ine ndinkaona kuti ndikangosuntha pang'ono ndawataya bambo anga mpaka kalekale. Nyerere zinkandiluma m'miyendo, khosi linkaphwanya, koma sindinasunthe. Mumtima ndinkangopempha kuti bambo tulukani, tulukani pathabwapo, ndikuoneni. Masiku atatu anatha choncho. Agogo anakulitsa chibwano, anawonjezera tindevu, anakhwimitsa khosi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri ndinawamva akuimba chamumtima.

Lamulo lawo linali lakuti mwini chithunzi saona ntchito isanathe. Tsiku lachitatu chakumasana anaitana agogo aakazi, amene anabwera akupukuta manja pachitenje. Anaima kumbuyo kwa amuna awo. Anatambasula chala, chimodzi mwa zopsa zija, pafupi ndi chipumi osachikhudza, n'kunong'ona kuti ndi yemweyu. Chibwano, ndi yemweyu. Makutu, ndi yemweyu. Kenako chala chinaima chitafika pa maso. Ndinadzuka pathumba paja miyendo itachita dzanzi, n'kuzungulira kuti ndione nanenso. Pathabwa panali mnyamata wovala malaya a kufakitale, khosi atatukula, maso onyowa akuyang'ana m'mwamba, kudikira kuti apatsidwe kanthu. Maso amenewo ndinkawadziwa bwino. Anali pa thabwa lililonse limene linatsamirapo khoma la nyumba yathu kuti liume.

"Mwana wanga sanayang'anepo munthu chonchi," anatero agogo aakazi. "Anachoka pakhomo pano kuthawa maso amenewa, inu n'kumuveka omwewo?"

Agogo aamuna anayang'ana thabwa, anayang'ana thumba limene ndinakhalapo, anayang'ana kampando kawo. Anavula chipewa pang'onopang'ono n'kuchiika pansi. Kenako anatenga kansanza ka parafini kaja n'kufufuta maso onse awiri, n'kungotsala mabanga awiri otuwa.

Kutacha anasintha zonse. Ine anandikhazika pakampando, iwo n'kukhala pathumba, opanda chipewa kumutu. Anati ndiwayang'ane monga ankayang'anira bambo anga, mowongoka, osaphethira. Ndinayesa. Ndinakwinya chipumi, iwo n'kupukusa mutu. Ndinatong'ola maso, anapukusanso. Ndinaganiza za mtsikana wa kusukulu uja kuti mkwiyo ubwere, koma maso anga ankangodzaza misozi. Tinalimbana mpaka mthunzi wa mpichesi unatithawa. Pamapeto pake ndinalira mokweza, n'kuwafunsa.

"Agogo, nanga ankayang'ana bwanji? Ndiuzeni, ine ndichita."

Burashi inali m'manja mwawo, penti wakuda akudontha pabuluku, iwo osaona. 

"Sindikudziwa, mdzukulu wanga. Chikulireni, iye akandiyang'ana, ine ndinkayang'ana pansi."

Agogo aakazi anali pazenera, ndipo anamva. Sanatukwane, zimene kwa iwo zinali zachilendo. Anatuluka, ananyamula thabwa lija, analikulunga m'chitenje chawo cha kutchalitchi, m'mawa mwake n'kukwera nalo basi yoyamba. Loweruka ndinkapita nawo. Ankalivundukula pakhomo la basi, pakati pa fumbi, utsi wa dizilo ndi amayi ogulitsa tomato, anyamata n'kumaliyang'ana mwaulemu. Ena ankati chipumicho akhala ngati akuchidziwa, ena ankatchula dzina la nkhondo, wina n'kutsutsa kuti ayi, ameneyo anali wamfupi. Mmodzi, wodulidwa mkono, analiyang'ana nthawi yaitali kuposa onse, n'kuwauza agogo m'Chishona kuti, "Ambuya, popanda maso ameneyu akhoza kukhala aliyense wa ife." Agogo aakazi anamuthokoza, anakulunganso thabwa, n'kupita pa basi yotsatira. Anachita zimenezi mpaka mabasi analeka kubweretsa anyamata, n'kumangotsitsa anthu wamba ndi mitolo yawo.

Bambo anga sanabwere. Sitinamve kuti anafera kuti, kapena ngati anafika n'komwe kumene ankapitako. Akuluakulu a chigwirizano chathu cha maliro anabwera kawiri kudzanena kuti tiike thunthu la nthochi m'bokosi monga amachitira kwathu munthu akafera kosadziwika, kuti mzimu wake ugone. Agogo aakazi anawabweza kawiri konse, amvekere saika mwana amene palibe wamuona atafa. Agogo aamuna sanagwirenso burashi. Panali madona ochepa amene anatsala, ndipo ena anatumiza uthenga, koma njinga inakhala chitsamire mpaka matayala anaphwa. Anakhala zaka zinayi pakhonde paja, akuyang'ana pangodya ya mzere, n'kumwalira ndi chifuwa nyengo yozizira. Ku Dedza sanabwerereko. Tinawaika konkuno, mtchona pakati pa matchona anzawo, ndipo chipewa chija agogo aakazi anachiponya pambaula asanabwere anthu olira.

Thabwa lija lili ndi ine. Ndalisamutsa nyumba zinayi, ndipo lero lili pamwamba pa kabati m'chipinda changa, m'chitenje chomwe chija. Mdzukulu wanga wina amene amajambula bwino pa kompyuta anandiuza kuti angathe kuikapo maso m'mphindi zochepa, ndingosankha amene ndikufuna. Ndinamukalipira mpaka anadabwa kuti walakwanji, mwana wosalakwa. Ndisankhe chiyani? Amene ankawadziwa maso amenewo anali agogo aakazi okha, ndipo iwo sankadziwa kugwira burashi. Ine ndakalamba kuposa mmene agogo analili pamene ankandikhazika pathumba paja, komabe nkhope ya bambo anga sindikuidziwa, ndipo zimandiwawa lero monga zinkandiwawira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Mwana wanga wamwamuna ali ndi chipumi chomwe chija. Ali mnyamata tinkakangana kwambiri, ndipo akandiyang'ana mwaukali, mawu ake atandilasa mpaka ndikufuna kuwerama, ndinkadzikakamiza kukweza mutu. Mpaka pano ana anga ndi adzukulu amadandaula m'Chishona chawocho kuti ndimawayang'anitsitsa mopitirira, akamadya, akamatsanzika pageti, akamakwera kombi. Amafunsa kuti kodi agogo mukuonanji. Ine ndimangowayang'anabe mpaka atakhota pangodya.